Sitima yathu iima ku Passau tsiku limodzi lokha, tiyende bwanji?

Mayi wa Atatu:
Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi funso, odziwa mundithandize. Mwana wathu woyamba watigulira matikiti ine ndi bambo ake kuti tikayende pa sitima ya pa mtsinje wa Danube mwezi wa Juni, kuyambira ku Budapest mpaka ku Regensburg. Papepala alemba kuti ku Passau, tauni ya ku Germany, tifika 8 koloko m'mawa, tinyamukanso 4 koloko madzulo, ndipo pali woperekeza alendo amene adzayende nafe wapansi maola awiri. Vuto langa ndi bambo a kunyumba. Bondo lakumanzere limawavuta, amayenda ndi ndodo, koma akaona anthu akuyenda safuna kuoneka otsalira. Kodi tilowe m'gululo kapena tingodziyendera tokha pang'onopang'ono? Nanga tauniyo ili pafupi ndi pamene sitima imakocheza?

Wapaulendo:
Mayi, mwana ameneyo musungeni bwino! Ine Passau ndinafikako, komanso pa sitima. Funso lanu lachiwirilo ndiye lalikulu. Madoko alipo angapo. Ena ali m'mbali mwenimweni mwa tauni yakale, mukangotsika mwafika. Ena ali kunja, monga ku Lindau kumunsi kwa mtsinje, ndipo kumeneko pamafunika basi. Papepala amangolemba kuti Passau basi, sanena doko lake. Mukafunse usiku wake musanagone.

Namwino wa ku Bavaria:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Wapaulendo. Ine ndimagwira ntchito m'chigawo chomwechi ndipo ku Passau ndimapitako kawirikawiri pa sitima yapamtunda. Tauni yakale inamangidwa pa kamtunda kosongoka pakati pa mitsinje iwiri, Danube mbali ino, Inn mbali inayo, ndipo wachitatu, waung'ono, wotchedwa Ilz, umabwera kuchokera kumpoto. Yonse itatu imakumana pamalo amodzi. Ndiye kusochera n'kovuta ndithu, chifukwa mukalowera uku mupeza madzi, mukalowera uko mupezanso madzi.

Koma Mayi, chimene chingawavute bambo si kutalika kwa ulendo, ndi pansi pamene akuponda. Misewu yambiri ya m'kati anayala miyala yaing'onoing'ono yosalingana. Ndodo imalowa m'mipata ya miyalayo, ndipo kukagwa kamvula imaterera zedi. Ndinaonapo agogo ena atagwa pafupi ndi tchalitchi chachikulu, nsapato zawo zinali zosalala kunsi. Muwapezere nsapato za mphira, ndodonso ikhale ndi mphira watsopano kunsonga.

Mayi wa Atatu:
Zikomo achemwali. Za mphira wa ndodozo sindikanaziganiza n'komwe, wa panopa unatha kalekale.

Wakale wa m'Sitima:
Moni Mayi. Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa sitima ngati zimenezi kwa zaka zinayi, Danube ndi Rhine, ndiye ndikuuzani za m'kati zimene sizilembedwa pa mapepala okongola aja.

Sitima zimenezi sizili ngati zimphona za panyanja. Yaitali kwambiri imakhala mamita 135, m'lifupi osapitirira mamita 11 ndi theka, chifukwa iyenera kukwana m'zipata za madzi zimene zimakweza ndi kutsitsa sitima pa madamu. Anthu okwera safika 200. Koma sitimazo zachuluka kuposa malo okochezapo. Ndiye chimachitika n'chakuti amazimangirira ziwiri kapena zitatu mogundizana, ina pambali pa inzake. Yanu ikakhala yakunja, kuti mufike kumtunda mudutsa m'kati mwa sitima za eni. Zikagwirizana bwino mumangodutsa polandirira alendo, n'kutuluka. Zikapanda kulingana msinkhu mumakwera makwerero kupita padenga, kuoloka, n'kutsikanso. Munthu wa bondo lovuta mphamvu zimamuthera pomwepo asanaone n'komwe tauni. Mukauze a polandirira alendo tsiku loyamba kuti bambo amavutika ndi makwerero, anyamata amathandiza, koma adziwiretu.

Chinanso, m'mawa musamangotsegula katani musanavale. Mumaganiza kuti muona mtsinje, n'kupeza kuti mukuyang'anizana ndi munthu wa sitima ina akutsuka mano.

Wapaulendo:
Hahaha zimenezo zinandichitikira ku Vienna! Tinangogwedezerana mutu ndi mkulu uja, aliyense n'kutseka katani wake.

Mphunzitsi Wopuma:
Ine ndikuti lowani m'gulu, Mayi. Mukayenda nokha mudzaona makoma ndi zitseko, osadziwa chimene mukuona. Ife woperekeza wathu anatiimitsa pa khoma la nsanja ya nyumba ya khonsolo ya mzinda, imene amaitcha Rathaus. Pakhomapo anajambula mizere yosonyeza pamene madzi osefukira anafika zaka zosiyanasiyana. Wa 1954 ulipo, wa 2002 ulipo, koma wa 2013 uli pamwamba moti muyenera kupenya chagada. Chaka chimenecho, kumayambiriro a Juni, madzi anafika mamita 12.89 pa choyezera chawo. Kuti mupeze chigumula choposa chimenecho muyenera kubwerera mpaka 1501. Ndikanadutsa ndekha ndikanati ndi zokongoletsa chabe. Komanso amakupatsani kachida ka m'khutu, woperekeza akamalankhula mumamva ngakhale muli kumbuyo.

Kamnyamata:
Pepani aphunzitsi, koma ine zoyenda m'gulu ngati nkhosa, wina kutsogolo atanyamula kachikwangwani, ayi. Zonse mwanenazo zili pa foni. Maola awiri onse kumangomva zaka za mabishopu? Mayi, tsitsani mapu pa foni musanatsike, yendani mwa ufulu wanu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, foni siyankha ukaifunsa kuti chimbudzi chapafupi chili kuti, ndipo siiona kuti mkulu uyu watopa tiime kaye.

Kamnyamata:
Chimbudzi imayankha, aphunzitsi. Za kutopazo ndavomera.

Wakale wa m'Sitima:
Nonse muli ndi mfundo, koma pali njira yapakati. Sitima zambiri zimagawa anthu m'magulu, ndipo limakhalapo gulu la oyenda pang'onopang'ono. Silikwera zitunda zambiri, limapuma pafupipafupi. Anthu amachita manyazi kulembetsa, makamaka abambo, koma kunena zoona ndi gulu limene limabwerako likuseka. Enawo amabwera thukuta kamukamu, akufunsa madzi oundana oika pa maondo. Mukafunse ngati lilipo. Ndipo palibe amene amakumangani: mutha kuyenda nawo ola limodzi, n'kumuuza woperekeza kuti ife tatsala pano. Chachikulu mumuuze, asamakufunefuneni.

Mayi wa Atatu:
Kuwalembetsa gulu la oyenda pang'onopang'ono ndiye nkhondo imeneyo. Ndingonena kuti ndine amene ndatopa, iwo akungondiperekeza.

Namwino wa ku Bavaria:
Nzeru zake n'zimenezo Mayi, ife kuchipatala timachita zomwezo.

Za malo oti muone, ine ndingakusankhireni awiri okha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Oyamba ndi tchalitchi cha St. Stephen. Chili pamalo okwera kuposa ena onse m'tauni yakale, ndiye pali kachitunda, koma kakafupi. Chakale chinapsa ndi moto umene unawononga mzinda mu 1662, ndipo anachimanganso amisiri ochokera ku Italy, n'chifukwa chake mukamayenda m'tauni imeneyi nyumba zake zimaoneka ngati muli kum'mwera kwa mapiri a Alps. M'kati muli limba la mipope 17,974, limodzi mwa malimba akuluakulu a m'matchalitchi pa dziko lonse. Miyezi yotentha amaliimba 12 koloko masana kwa theka la ola. Mumakhala pansi, bondo limapuma, ndipo mipope ikuluikulu ikalira mumamva benchi ikunjenjemera. Akhala akulikonza limbalo, ndiye mufunsiretu ngati tsiku lanulo aimba, komanso fikani msanga poti anthu a sitima zonse amathamangira komweko.

Achiwiri ndi kunsonga kumene mitsinje imakumana. Njira yake ndi ya m'mbali mwa madzi, yosakwera, mabenchi ali mbwee.

Wapaulendo:
Apo pokha ndikutsutsani pang'ono achemwali. Kunsongako n'kokoma kukhala, koma mitundu ya madzi sioneka bwino uli pansi. Kuti uone zenizeni uyenera kukwera ku linga la Veste Oberhaus, tsidya la Danube, pamwamba pa phiri. Linga limenelo analiyamba mu 1219, linali la mabishopu amene ankalamulira mzindawo. Uli pamenepo umaona Inn akubwera wobiriwira motuwa, chifukwa madzi ake amachokera ku madzi oundana a m'mapiri a Alps, Danube woderako, ndi Ilz wakuda ngati tiyi wopanda mkaka poti amadutsa m'madambo a m'nkhalango. Amayenda limodzi kamtunda ndithu asanasakanikirane, ndipo Inn amachita kumukankhira Danube kumbali. Ine ndinaima pamenepo mphindi 20 osajambula n'komwe, kungoyang'ana.

Namwino wa ku Bavaria:
N'zoona, koma mukufuna bambo akwere phiri limenelo ndi ndodo?

Wapaulendo:
Ayi, pali kabasi kamene kamanyamuka pabwalo la Rathaus miyezi ya alendo, kamakusiyani pamwamba. Apo ayi takisi. Chimene asayerekeze ndi makwerero a ku tchalitchi cha Mariahilf, tsidya la Inn. Alipo 321, amwendamnjira amakwera akupemphera. Ine ndinakwera ndikutukwana mumtima, Mulungu andikhululukire.

Gogo wa Mapasa:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndiloleni ndinene za ine, mwina zithandiza. Ife tinapita mu 2018, mwezi wa Ogasiti. Chaka chimenecho ku Ulaya kunali chilala choopsa, mitsinje inaphwa mpaka miyala ya pansi kumaoneka. Sitima yathu sinathe kupitirira. Pakati pa matauni a Vilshofen ndi Straubing, pa njira yochoka ku Passau kupita ku Regensburg, pali chigawo chimene mulibe madamu osunga madzi, ndiye chikaphwa sitima zazikulu sizidutsa. Anatiuza madzulo kuti pakirani katundu yense, mawa mukwera basi, mukalowa sitima ina yofanana nayo imene yaima mbali inayo. Tsiku la ku Passau linangosanduka maola awiri, kuthamangathamanga, ndipo nkhomaliro tinadya mochedwa. Amuna anga anakwiya mpaka kufuna kuonana ndi kaputeni, ngati kuti kaputeni ndiye amagwetsa mvula. Sindikukuopsezani Mayi, koma pokonzekera mudziwe kuti papepala n'papepala, wolamula ndi mtsinje.

Wakale wa m'Sitima:
Agogo anena zoona, 2018 ndinali pa ntchito ndipo sindidzaiwala. Tinanyamula masutikesi mpaka manja kutupa. Mu 2022 zinachitikanso. Koma Juni nthawi zambiri vuto limakhala losiyana, madzi amachuluka. Akachuluka sitima imakwera, ndiye siikwana pansi pa milatho. Kanyumba ka woyendetsa kamatsika pansi ndi makina, zitsulo za m'mbali mwa denga timazipinda, mipando yonse timagoneka, koma pali malire ake. Akapitirira, akuluakulu a za pamtsinje amatseka njira, sitima zonse zimaima pomwe zili. Mukamva akulengeza kuti padenga patsekedwa musadabwe, makamaka mukayandikira ku Regensburg kumene milatho ndi yotsika.

Mayi wa Atatu:
Ee, ndiye kusowa madzi vuto, kuchuluka vuto. Nanga zikatero ndalama amabweza?

Wakale wa m'Sitima:
Zimatengera kampani ndi zimene zinalembedwa pa mgwirizano umene mwana wanu anavomera pogula. Mumuuze awerenge ndime ya kusintha kwa ulendo, tizilembo ting'onoting'ono tija, ndipo aonenso ngati inshuwalansi imene anakudulirani ikukhudza zimenezi.

Kamnyamata:
Ine funso langa ndi lina. Anthu a m'matauni amenewa amasangalala nanu? Sitima zisanu zikakocheza ndiye kuti anthu pafupifupi 1,000 akhuthukira m'timisewu topapatiza nthawi imodzi. Chakudya mwadya pa sitima, kogona pa sitima, 12 koloko ikakwana nonse mwathamangira ku nkhomaliro yaulere. Mwasiya chiyani m'tauni kupatula phokoso?

Mphunzitsi Wopuma:
Apa ndiye wanena za nzeru. Koma si yaulere nkhomaliroyo, inalipiridwa kale, n'chifukwa chake anthu amaiumirira.

Namwino wa ku Bavaria:
Madandaulo alipo ndithu, ndimawamva kwa anzanga a kuntchito amene amakhala komweko. Passau ndi tauni ya anthu 50,000 ndi kanthu, muli yunivesite, anthu ali ndi zochita zawo. Chimene chimawanyansa kwambiri ndi gulu kuima pakati pa njira, kapena kuima pa njira ya njinga. Belu la njinga likalira kumbuyo kwanu, pambukani msanga, sachedwa kukalipa. Ena amadandaula za utsi ndi kulira kwa injini usiku, n'chifukwa chake madoko ena anaikamo magetsi oti sitima zizilumikiza zikaima. Koma a mashopu ndi operekeza alendo amadyera pomwepo. Ine ndimati ukafika, khala pansi penapake, gula khofi ndi keke, lonjera munthu. Kuno polonjera amati Grüß Gott, mukanena zimenezo polowa m'shopu nkhope zimamasuka.

Muyang'anenso kuti tsikulo ndi lachingati. Likakhala Lamulungu mashopu ambiri ku Germany ndi ku Austria amakhala otseka, kumatsala malo odyera ndi ogulitsa zikumbutso. Ndipo nyamulani ma euro a m'manja, makamaka achitsulo. Timalo tina ting'onoting'ono sitilandira khadi, zimbudzi zambiri n'zolipira. Ma forint otsala ku Hungary kuno sagwira ntchito, muwamalize ku Budapest.

Wapaulendo:
Nkhani imene palibe waitchula: nthawi yobwerera. Mayi, akati 4 koloko ndiye kuti 4 koloko chingwe chamasulidwa. Anthu amafunika kukhala m'kati theka la ola nthawiyo isanakwane.

Wakale wa m'Sitima:
Eya. Ndipo si nkhanza. Sitima imakhala ndi nthawi yake yodutsira pa chipata cha madzi, ikaphonya imadikira pamzere, ndiye mawa lonse lasokonekera kwa anthu 180 chifukwa cha awiri. Tinasiyapo banja lina pa tauni ina ku Austria. Anapita kukagula mphatso, mayi anakonda nsalu, bambo anakhala pa mowa, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana wotchi. Tinawaitana pa chimkuzamawu katatu, tinadikira mphindi 15, kaputeni anati tiyeni. Ubwino wa pamtsinje ndi wakuti sitima siipita kutali, ndipo imayenda pang'onopang'ono. Anakwera takisi n'kutipeza pa chipata chotsatira, koma ndalama ya takisiyo inaposa mphatso zonse anagulazo, ndipo polowa anthu onse padenga anawaombera m'manja. Mayi aja sanatuluke m'chipinda mpaka m'mawa.

Ndiye potsika tengani kapepala ka ndondomeko ya tsikulo, pamakhala nambala ya foni ya sitima. Jambulaninso sitimayo ndi pamene yaima. Chenjerani, nthawi zina imasuntha masana kupatsa malo inzake, kapena imatsogola n'kukakudikirani tauni ina, inu n'kubwera pa basi. Zimenezi amalengeza madzulo a dzulo lake pa kamsonkhano ka tisanadye. Anthu ambiri amakajomba kamsonkhanoko poti akusamba. Musakajombe.

Gogo wa Mapasa:
Ndipo mankhwala a bambo a masana akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'chipinda. Ife tsiku la basi lija mapiritsi a BP anapita ndi masutikesi.

Mayi wa Atatu:
Abale inu mwandithandiza kwabasi. Ndalemba zonse m'kabuku. Ndidzabwera kudzakuuzani mmene tayendera.

Mayi wa Atatu:
Ndabweranso monga ndinalonjezera, tafika dzana. Ndiyambe ndi kuti achimwene a Wakale wa m'Sitima ndinu mneneri. Ku Passau tinali sitima yachiwiri kuchokera kumtunda, koma mwamwayi tinangodutsa polandirira alendo a sitima inayo, popanda makwerero. Doko linali la m'tauni momwemo.

Gulu la oyenda pang'onopang'ono linalipo, tinali anthu 9 okha. Bambo anayamba ndi kung'ung'udza kuti iwo si nkhalamba, koma atapeza mkulu wina wa ku Canada wa bondo lachitsulo anagwirizana ngati anabadwa limodzi, njira yonse kukambirana za madokotala. Khoma la mizere ya madzi tinaliona. Bambo anakweza ndodo yawo m'mwamba kufuna kuloza mzere wa 2013, sinafike n'komwe pafupi. Woperekeza wathu, mayi wachikulire wa komweko, anati chaka chimenecho m'misewu ina ankayenda pa mabwato, ndipo madzi ataphwa matope anatsala m'nyumba mpaka ophunzira a pa yunivesite anabwera ndi mafosholo kudzathandiza. Anatilozera chitseko china chimene mpaka pano chili ndi mipata ya m'mbali yolowetsamo zitsulo zotchingira madzi.

Ku tchalitchi tinalowa, tinakhala pansi nthawi yaitali kuyang'ana kudenga mpaka khosi kuwawa. Limba sitinalimve, ndinasokoneza nthawi ndine, tinafika zitseko atatseka kale ndipo tinangomva kunjenjemera kwake tili panja. Zinandiwawa, koma bambo anati bola, apeze pokhala. Nkhomaliro ya pa sitima tinaisiya dala, a Kamnyamata mumve. Tinakhala pa kamalo kena m'mbali mwa Inn, ndinanena Grüß Gott wanga uja, mtsikana woperekera anandiyankha ndi mawu ambirimbiri a Chijeremani, ine n'kungoseka.

Kenako kabasi ka ku linga. A Wapaulendo, munanena zoona za mitundu itatu ija. Kunali kutagwa mvula masiku awiri m'mbuyomo ndiye Inn anali wotuwa kwambiri, wodzaza, akuthamanga, ndipo Ilz ankangooneka ngati kaulusi kakuda m'mphepete. Pobwerera kabasi kanadzaza, tinadikira kena, ndipo mtima unayamba kugunda nditaona kuti yakwana 3 koloko. Tinalowa m'sitima 3:25, mnyamata wa pakhomo akumwetulira, akuti kwatsala anthu anayi.

Bondo linatupa usiku wake, tinaika madzi oundana. Ku Regensburg bambo sanatsike, ndinapita ndekha kukaona mlatho wakale wamiyala wa kumeneko.

Kamnyamata:
Nanga anayi otsalawo anafika?

Mayi wa Atatu:
Awiri anafika akuthamanga ndi zikwama za m'mashopu. Awiri enawo anapezeka kuti anali m'chipinda mwawo akugona, sanatsike n'komwe, khadi lawo lolowera ndi kutulukira m'sitima ndi limene linasokonekera pa makina.

Namwino wa ku Bavaria:
Bondolo likapitiriza kutupa kapena likamatentha mukalikhudza, apite akaonedwe Mayi, makamaka poti mwakhala nthawi yaitali m'ndege. Ndipo tumizani zithunzi za pa linga, ine zaka zonsezi sindinakwereko n'komwe.